Mwana akaulula kuti wachitidwa chipongwe: koyambira, kokapeza thandizo, ndi mmene tingatsekere njira za odyera ana masuku pamutu

Kafukufuku wa nkhanza zochitira ana amene boma la Malawi linachititsa mu 2013 anapeza kuti mmodzi mwa atsikana 5 alionse ndiponso mmodzi mwa anyamata 7 alionse anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwanitse zaka 18. Kafukufuku yemweyo anaonetsanso chinthu chimene chiyenera kutisowetsa mtendere tonse amene tikulera ana: ambiri mwa anawo anauzako munthu wina zimene zinawachitikira, koma ndi ochepa kwambiri amene anafika kuchipatala, kupolisi kapena kwa aphungu. Ana amalankhula ndithu, koma nkhani yawo imathera kwa munthu wamkulu woyamba kuimva, amene mwina amachita mantha, mwina manyazi, mwinanso sadziwa koyambira. Malangizowa alembedwera munthu ameneyo, kaya ndi mayi, bambo, agogo, azakhali, amalume, mphunzitsi, mkulu wa mpingo kapena woyandikana naye nyumba, chifukwa zimene iye angachite m'masiku atatu oyambirira ndi zimene zimatsegula kapena kutseka njira ya chithandizo chonse. Zambiri mwa izi zikukhudzanso munthu wamkulu amene wagwiriridwa, wamkazi ngakhale wamwamuna.

Mawu anu oyamba

Mwana saulula nkhani yotere mwadongosolo. Kawirikawiri amayamba ndi kachidutswa kakang'ono pofuna kuona mmene nkhope yanu isinthire. Anganene kuti sakufunanso kutumidwa kunyumba kwa uje, kapena kuti wina wake amachita naye masewera oipa, kapena angofunsa ngati mungamumenye atakuuzani chinthu china. Mukamva zotere siyani zimene mukuchita, pitani naye poduka mphepo, khalani pansi, ndipo mvetserani mpaka amalize. Ngakhale mtima utakuphulikani, gwirani misozi ndi ukali, pakuti mwana akaona kholo likukuwa kapena kudzigwetsa pansi amaganiza kuti iyeyo ndi amene waononga zinthu, ndipo ambiri amabweza mawu awo pomwepo n'kunena kuti amangocheza.

Pali mawu ochepa amene mwanayo akufunika kuwamva kuchokera pakamwa panu nthawi yomweyo: "Ndakumva, mwanangu, ndipo ndikukukhulupirira. Wachita bwino kundiuza. Sunalakwe ndiwe ayi. Walakwa ndi amene wakuchita zimenezi." Pewani mafunso amene timathamangira ambirife, monga akuti "Umakataniko kumeneko?", "Bwanji sunakuwe?" kapena "Masiku onsewa umabisiranji?" Munthu akagwidwa ndi mantha aakulu thupi limauma, mawu satuluka, ndipo mwana amene anaopsezedwa kuti akaulula aphedwa kapena amayi ake athamangitsidwa pakhomo sangayembekezeredwe kulankhula msanga. Kumumenya chifukwa anachedwa kunena ndi kumuonjezera nkhanza pamwamba pa nkhanza.

Musamufunse ngati wapolisi. Mafunso awiri kapena atatu otseguka, monga "Kenako chinachitika n'chiyani?", ndi okwanira kuti mudziwe zoyenera kuchita. Musamutchulire dzina la munthu amene inu mukumukayikira, chifukwa kukhoti zidzaoneka ngati mwana anachita kuphunzitsidwa. Musamuitanire azibale mmodzimmodzi kuti awafotokozerenso, popeza kubwereza nkhaniyo kumatukusula bala. Lembani mawu ake monga mmene wawanenera, pamodzi ndi tsiku ndi nthawi. Akakupemphani kuti musauze aliyense, musalonjeze zimene simungasunge. Muuzeni moona kuti muuza anthu ochepa okha amene ntchito yawo ndi kumuteteza, ndipo kuti inuyo mukhala naye limodzi kulikonse kumene mupite.

Ana ena sanena kanthu, makamaka aang'ono kwambiri ndi amene ali ndi ulumali wosamva, wosalankhula kapena wa ubongo. Kwa iwowa thupi ndi khalidwe ndi zimene zimalankhula: kuyenda movutika, kumva ululu pokodza, magazi kapena zotuluka zachilendo pa kabudula wamkati, kuyambiranso kukodza pogona, kudzidzimuka usiku, kuopa munthu wina amene kale ankacheza naye bwino, kudziwa zinthu zakuchipinda zosagwirizana ndi msinkhu wake, kapena kupezeka ndi ndalama ndi zinthu zimene inu simunamugulire. Chizindikiro chimodzi pachokha si umboni, koma ndi chifukwa chokwanira chomutengera kuchipatala.

Kuchipatala kaye, zina pambuyo

Ngati chipongwecho chachitika posachedwa, ulendo woyamba ukhale wa kuchipatala, ndipo ukhale wa tsiku lomwelo ngakhale kutada. Mankhwala a PEP, amene amateteza munthu kuti asatenge kachilombo ka HIV, amagwira ntchito pokhapokha akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo akayambidwa msanga ndi pamene amateteza kwambiri. Amamwedwa tsiku lililonse kwa masiku 28 osadumphitsa. Ena amamva nseru, mutu kapena kufooka m'masiku oyamba, choncho pakhale munthu wamkulu mmodzi woonetsetsa kuti mwana akumwadi, ndipo akamavutika nawo mubwerere kuchipatala m'malo mongomusiyitsa. Mtsikana amene anatha msinkhu amapatsidwanso mapiritsi oletsa kutenga mimba mwadzidzidzi, omwe amathandiza kwambiri m'masiku 3 oyambirira ndipo malire ake ndi masiku 5. Achipatala amaperekanso mankhwala a matenda ena opatsirana pogonana monga chindoko ndi chinzonono, amatsuka ndi kusoka mabala, ndipo amalemba lipoti limene lidzakhale umboni kukhoti. M'zipatala za boma zonsezi n'zaulere.

Mtima wa kholo umafuna kumusambitsa mwana ndi kuchapa kapena kutentha zovala kuti chonyansacho chichoke pamaso. Dziletseni kaye mpaka achipatala amuone. Zovala zimene anavala, makamaka zamkati, pamodzi ndi chitenje kapena chofunda cha pamalopo, zikulungeni m'pepala loyera kapena muike mu envelopu yaikulu. Musaike m'jumbo ya pulasitiki, chifukwa chinyezi chimaononga umboni. Mutengereni zovala zina zosinthira, buku lake la kuchipatala, ndi chiphaso chobadwira ngati chilipo. Koma ngati wasamba kale, kapena papita sabata, mwezi ngakhale chaka, pitanibe. Nthawi ya PEP idzakhala itadutsa, koma kuyezetsa magazi, kuchiza matenda, kuona ngati pali mimba, uphungu ndi lipoti zikadali zotheka, ndipo mlandu sufa chifukwa choti munthu anasamba.

Pa zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central ndi Mzuzu Central, komanso pa zipatala zina za m'maboma, pali malo otchedwa One Stop Centre, amene ambiri amawadziwa ndi dzina lakuti Chikwanekwane. Malowa anakhazikitsidwa kuti achipatala, apolisi, a zachisamaliro cha anthu ndi aphungu azigwirira ntchito pamodzi, kuti mwana asamayendetsedwe ofesi ndi ofesi akufotokoza zowawa zomwezomwezo. Mukafika pachipata funsani malo amenewa mwachindunji, ndipo musaime pamzere wa odwala wamba tsiku lonse osanena kanthu. Uzani namwino mwakachetechete kuti mwabwera ndi mwana amene wagwiriridwa. Ngati muli kumudzi, yambirani pa chipatala chaching'ono chimene muli nacho pafupi, makamaka chimene chimapereka mankhwala a ma ARV, ndipo iwo adzakutumizani kuchipatala chachikulu ngati pakufunika kutero. Anthu ambiri amataya tsiku lathunthu akufunafuna kalata ya kupolisi poganiza kuti popanda kalatayo sathandizidwa. Kalatayo ingatsatire pambuyo, koma maola 72 aja sadikira munthu.

Poyezedwa, mwana ali ndi ufulu wofotokozeredwa chilichonse chimene achipatala akufuna kuchita, ndipo mungapemphe kuti pakhale namwino wamkazi ngati mwanayo akuopa amuna. Mwana wokulirapo mwina angafune kulankhula ndi namwino inu mutatuluka. Musakhumudwe nazo, chifukwa pali zina zimene mwana amachita manyazi kuzinena pamaso pa kholo. Musanachoke, funsani tsiku lobwereranso kudzayezetsa magazi, ndipo lilembeni.

Kupolisi ndi ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu

Pa mapolisi a m'dziko muno pali nthambi ya Victim Support Unit, imene inayamba mu 2001 kuti izilandira madandaulo a nkhanza zochitira amayi ndi ana. Funsani nthambi imeneyi m'malo mofotokoza nkhani yonse pa kauntala pamene pali anthu ambiri. Kudandaula n'kwaulere. Lembani dzina la wapolisi amene akufufuza nkhaniyo, nambala yake ya foni ndi nambala ya mlandu, ndipo sungani kope la pepala lililonse limene mwapatsidwa, makamaka lipoti la kuchipatala. M'madera ambiri a mafumu aakulu mulinso ma Community Victim Support Unit komanso alangizi oteteza ana amene amagwira ntchito pansi pa ofesi ya Social Welfare ya pa boma. Amenewa ndi amene angathandize kupeza malo otetezeka ngati wochita chipongweyo akukhala nyumba imodzi ndi mwanayo.

Ngati simukudziwa koyambira, kapena mukuopa kuonekera, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana ya Tithandizane imene amayendetsa a bungwe la YONECO ku Zomba mogwirizana ndi boma, kapena 5600, nambala yaulere ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Aphungu a kumeneko amamvetsera mwachinsinsi ndipo amakulumikizani ndi apolisi, achipatala kapena a Social Welfare a m'dera lanu. Mwana angathe kuimba yekha.

Chinthu chimodzi choti mupewe ndi kupita nokha kukamufunsa woganiziridwayo, kapena kumemeza anthu kuti akamumenye ndi kumuotchera nyumba. Akadziwa kuti nkhani yaululika amathawa kapena kuopseza mboni, ndipo anthu amene alanga okha munthu amapezeka ali m'chitokosi pamene mwana akuwafuna pakhomo.

Pamene abale akuti nkhani ithere pachibale

Pano ndi pamene milandu yambiri imafera, ndipo ndi pamene mudzafunike kulimba mtima koposa. Ochita chipongwe ambiri si alendo. Amakhala bambo owapeza, amalume, msuweni, mlamu, mwini nyumba, mphunzitsi, chibwenzi chachikulire kapena munthu wolemekezeka kumpingo. Nkhani ikangomveka, kumabwera nthumwi usiku ndi mawu ozizira: "Tisachititsane manyazi, tikambirane ngati abale." Ena amabwera ndi ndalama, ena mbuzi, ena lonjezo lolipirira mwana fizi, enanso amati mwamunayo angomukwatira mtsikanayo kuti mimba ikhale ndi mwini. Amayi ambiri amafunsidwa funso lobaya mtima lakuti, "Mukamangitsa bambo wa pakhomo, ana enawa adya chiyani?"

Funso limenelo si lopepuka, ndipo mayi amene akulimbana nalo sayenera kunyozedwa. Koma tiyeni tione zimene kukambirana pachibale kumatanthauza kwa mwanayo. Kumamuuza kuti thupi lake lili ndi mtengo ndipo akuluakulu agwirizana za mtengowo. Kumamusiya akudya mbale imodzi ndi munthu amene anamupweteka. Kumamuphunzitsanso wochita chipongweyo kuti nkhani yotere imatha ndi mbuzi, ndipo pakhomopo pali ang'ono ake a mwanayo amene akukula. Ngati mukuopa za chakudya ndi pokhala, kafotokozeni zimenezo poyera kwa a Social Welfare, kwa abale akuchikazi amene mumawadalira ndi kwa atsogoleri a mpingo kapena mzikiti amene aima ndi mwanayo, kuti vuto la njala lifuniridwe njira yake popanda kuperekapo mwana nsembe.

Malamulo a dziko lino sakayikitsa pa nkhaniyi. Kuyambira mu 2017, pamene Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko, mwana ndi munthu aliyense amene sanakwanitse zaka 18, ndipo ukwati wa munthu wosafika msinkhu umenewu ndi woletsedwa ngakhale makolo atavomereza. Lamulo la milandu ya upandu linasinthidwanso mu 2023 kuti liziteteza atsikana ndi anyamata omwe osakwana zaka 18, ndipo munthu wamkulu wogona ndi mwana angalandire chilango chofika pokhala m'ndende moyo wake wonse. Mawu akuti "anavomera yekha" kapena "anali chibwenzi changa" samupulumutsa munthu wamkulu. Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la mu 2010 limaika udindo wokanena kwa achipatala, achibale, osamalira ana ndi anthu a m'dera amene akudziwa kuti mwana akuchitidwa nkhanza, ndipo limalola wapolisi, wa Social Welfare kapena mfumu kumuchotsa mwana pamalo oopsa n'kumuika potetezeka.

Bwalo la mfumu lilibe mphamvu yoweruza mlandu wogwirira. Ntchito ya nyakwawa kapena gulupu pa nkhani yotere ndi kuperekeza banjalo kupolisi ndi kuliteteza ku ziopsezo, ndipo pali mafumu amene anaonetsa kuti zimenezi n'zotheka. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inadziwika dziko lonse pothetsa maukwati ambirimbiri a ana, kubwezera anawo kusukulu, ndi kuimitsa mafumu aang'ono amene ankaloleza maukwati otere.

Woganiziridwayo akakhala munthu waudindo, musagwe ulesi. Nkhani ya mphunzitsi ipite kupolisi komanso ku ofesi ya zamaphunziro ya pa boma, ndipo musavomere kuti kungomusamutsira kusukulu ina ndiye chilango. Akakhala wapolisi, kuli bungwe la Independent Complaints Commission lolandira madandaulo okhudza apolisi, komanso Malawi Human Rights Commission. Amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe ndi madera oyandikana nawo, amene anachitidwa nkhanza ndi apolisi mu October 2019, anapita kukhoti lalikulu mothandizidwa ndi bungwe la Women Lawyers Association, ndipo mu 2020 khotilo linalamula kuti alipiridwe chipukuta misozi.

Kukhoti

Mlandu wogwirira ndi wa boma, ndipo amauyendetsa ndi oimira boma pa milandu, choncho simufunika kulemba loya kuti uyambe. Ngati mukufuna uphungu wa zamalamulo koma mulibe ndalama, pitani ku Legal Aid Bureau. Konzani umboni wa zaka za mwana, monga chiphaso chobadwira, khadi la kusikelo kapena kaundula wa kusukulu, chifukwa milandu ina imagwa pa mfundo ya msinkhu yokha. Pemphani woimira boma kuti mwanayo apereke umboni wake anthu osakhudzidwa atatulutsidwa, ndipo mufotokozereni mwanayo pasadakhale za mmene chipindacho chimaonekera ndi anthu amene akamufunse mafunso, koma musamuphunzitse zokanena. Woganiziridwa akatuluka pa belo sizitanthauza kuti mlandu watha, ndipo akayamba kukuopsezani kapena kutumiza anthu, kaneneni msanga kuti khoti liunikenso belo yakeyo. Milandu imaimitsidwa kangapo ndipo ndalama zoyendera zimapweteka, koma mboni zikasiya kubwera ndi pamene wolakwa amamasulidwa.

Miyezi yotsatira

Mabala a pathupi amapola msanga kuposa a mumtima. Mwana angakhale wolusa, wosafuna kudya, wodzipatula, kapena wooneka ngati palibe chinachitika kenako n'kudzagwa patapita miyezi. Chimene chimamuthandiza kwambiri ndi moyo wa tsiku ndi tsiku umene sunasinthe: kudya ndi anzake, kusewera, kutumidwa ntchito zake zamasiku onse, ndi munthu mmodzi wamkulu amene amamumvetsera akafuna kulankhula koma osamukakamiza. Tetezani dzina lake. Musalole chithunzi chake kapena nkhani yake kuikidwa pa WhatsApp kapena pa Facebook ngakhale ndi anthu amene akuti akufuna kuthandiza, ndipo mapemphero amene akumupempherera asakhale omuimiritsa kutsogolo kwa mpingo wonse.

Asasiye sukulu. Ngati watenga mimba, ndondomeko ya boma imalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka, ndipo amayi a Mother Group pasukulupo angathandize kukambirana ndi ahedi. Mukaona kuti sakugona kwa masabata ambiri, akudzivulaza, kapena akulankhula zofuna kufa, musazitenge ngati nthabwala. Musamusiye yekha, bisani mankhwala a mbewu ndi a makoswe, ndipo pitani naye kuchipatala cha boma kumene kuli anamwino oona za matenda a maganizo. Kulinso a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amene amapereka uphungu. Inunso kholo mukufunika wina wokumvetserani, pakuti mtolo umenewu ndi wolemera.

Anyamata amavutika kwambiri kuulula chifukwa chomva kuti mwamuna salira, ndiponso poopa kusekedwa. Mnyamata amene wachitidwa chipongwe, kaya ndi mwamuna kapena ndi mkazi wamkulu, akufunika PEP, uphungu ndi chilungamo mofanana ndi mtsikana. Ndipo kwa inu amene zinakuchitikirani muli mwana n'kukhala nazo chete mpaka lero muli ndi banja lanu, dziwani kuti simunachedwe kulankhula ndi mphungu. Zoti mukanene kupolisi kapena ayi musankha nokha mutamva uphungu, koma kumbukiraninso ana amene munthuyo ali nawo pafupi lero.

Kutseka njira chisanachitike

Timakonda kuchenjeza ana za anthu osawadziwa, pamene ngozi yaikulu ili kwa anthu amene timawapatsa moni tsiku ndi tsiku. Wofuna kuononga mwana sathamanga. Amayamba ndi kukondedwa ndi makolo, kenako amasankha mwana mmodzi n'kumamupatsa timphatso, mandasi, mayunitsi, kumukweza kabaza ulere kapena kumuthandiza masamu, ndipo pang'onopang'ono amafunafuna mpata wokhala naye awiri ndi kumuzoloweza kusunga zinsinsi. Choncho maso athu akhale pa khalidwe la akuluakulu. Munthu wamkulu amene nthawi zonse amafuna kukhala ndi mwana wina kwayekha, amene amamutuma kuchipinda, kapena amene amamutchula mwana wamng'ono kuti "mkazi wanga" mwanthabwala, auzidwe poyera kuti pakhomo panu zimenezo ayi, ngakhale atakhala msuweni kapena agogo amene mwambo umawalola kuseleula.

Ana aphunzitsidwe kuyambira ali aang'ono kuti malo amene amabisika ndi kabudula wamkati ndi awo okha, kuti angathe kukana ngakhale wowakhudzayo ali wamkulu, ndiponso kuti chinsinsi chimene chimawachititsa mantha chiyenera kunenedwa. Ulemu umene timaphunzitsa ana ndi wabwino, koma mwana amene anaphunzira kuti wamkulu satsutsidwa pa chilichonse ndi amene amavutika kukana. Muthandizeni kutchula anthu atatu amene angawauze, kuti ngati mmodzi samumvera apite kwa wina. Onaninso kagonedwe pakhomo, makamaka kukabwera alendo, pamaliro ndi pazikwati, pamene akuluakulu amatanganidwa usiku wonse ndipo ana amagona paliponse. Maulendo a kuchigayo, kumjigo ndi kukagulitsa malonda madzulo asakhale a mwana mmodzi yekha. Pa chinamwali, makolo afunse anamkungwi zimene ana akaphunzitsidwe, ndipo mwambo uliwonse wouza mwana kuti akagone ndi mwamuna, monga kusasa fumbi, ndi mlandu pansi pa lamulo la Gender Equality la mu 2013.

Sukulu zitatsekedwa mu 2020 chifukwa cha Covid-19, mimba ndi maukwati a ana zinachuluka kwambiri m'dziko muno, zimene zinaonetsa kuti sukulu payokha ndi chitetezo. Komabe ana amene amachita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu za sekondale zoyendera amakhala pangozi, chifukwa chakudya chikawathera pamapezeka amuna ofuna kuwathandiza ndi cholinga. Ayendereni pafupipafupi, dziwani mwini nyumbayo, ndipo makomiti a sukulu aike lamulo lakuti mphunzitsi asamatume wophunzira kunyumba kwake. M'misasa ya anthu othawa madzi osefukira, monga zinalili pa namondwe wa Freddy mu 2023, aliyense wopempha thupi la mtsikana kuti amulembe m'kaundula wa chithandizo akanenedwe, popeza chithandizocho n'chaulere.

Umphawi ndi umene odyera ana masuku pamutu amalowerapo. Kumabwera munthu wovala bwino n'kunena kuti akufuna mtsikana wantchito ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndipo akamuphunzitsa sukulu, kapena akufuna anyamata okaweta ng'ombe ndi kulima fodya kutsidya kwa malire a Mchinji, kapena ali ndi ntchito ku Johannesburg. Ena mwa anawa amakathera m'mabala ndi m'nyumba zogona alendo. Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la mu 2015 limapereka chilango chofika zaka 21 m'ndende kwa wozembetsa mwana, ndipo kuvomereza kwa makolo sikuchotsa mlandu. Musapereke mwana kwa munthu amene simukudziwa kumene amakhala, amene akukupatsani ndalama pasadakhale, kapena amene akufulumiza kuti anyamuke mfumu isanadziwe. Ngakhale akupita kwa m'bale weniweni, lankhulani ndi mwanayo pafoni iye ali payekha, ndipo mukamuone ndi maso.

Foni yabweretsa njira ina. Munthu amadzionetsa ngati mnzake wa msinkhu umodzi pa Facebook kapena pa TikTok, amatumiza ndalama pa foni, kenako amapempha zithunzi zamaliseche n'kuyamba kuopseza kuti azimwaza mwana akapanda kumumvera. Muuzeni mwana wanu lero kuti zotere zikadzachitika adzabwere kwa inu ndipo simudzamumenya. Zikachitika, musalipire, musafufute mauthenga, sungani nambala ndi dzina la akauntiyo, ndipo kaneneni kupolisi. Zithunzizo musazitumize kwa wina aliyense ngakhale pofuna kuchenjeza anthu, chifukwa kufalitsa zithunzi zolaula za ana ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la mu 2016. Nkhani ya ku Njewa ku Lilongwe, imene inaululika mu 2022, ya mlendo amene ankajambula ana a m'mudzi mavidiyo onyoza n'kumagulitsa pa intaneti, ikutikumbutsa kufunsa aliyense wojambula ana athu kuti zithunzizo akupita nazo kuti.

Ngati mwana amene mukumudera nkhawa si wanu, udindo ukadalipo, ndipo simufunika kukhala ndi umboni wonse kuti mukanene. Imbani 116 kapena pitani kwa mlangizi woteteza ana wa m'dera lanu, ndipo fotokozani dzina la mwanayo ndi zaka zake ngati mukuzidziwa, mudzi kapena dera ndi chizindikiro chopezera nyumbayo, zimene mwaona ndi maso anu mosiyanitsa ndi zimene mwangomva, ndiponso ngati woganiziridwayo akugona nyumba imodzi ndi mwanayo. Pemphani kuti dzina lanu lisungidwe mwachinsinsi, ndipo pakapita masiku awiri osaona kanthu, imbaninso kapena pitani nokha ku Victim Support Unit.